Kodi Bambo Angamwe Mavitamini a Amai?

Munthu akalowa m'sitolo ya mankhwala masiku ano, kaya ku Lusaka kaya ku Chipata, amapeza mabotolo a mavitamini atandandalikidwa m'mizere. Ena alembedwa kuti ndi a amuna, ena ndi a akazi, ena ndi a amai oyembekezera, ndipo ena ndi a okalamba. Abale athu okhala ku Johannesburg kapena ku London nawonso, potumiza katundu kwao, kawiri-kawiri amaikamo botolo limodzi la amai. Koma botolo likalowa m'nyumba mwathu silikhala la munthu mmodzi. Ife tinaleredwa kuti cimene cafika pakhomo ndi ca onse, ndipo khalidwe limeneli ndi labwino pa nsima ndi pa ndiwo. Tsono bambo akabwera kumunda ali wolema, naona mapilisi a mkazi wake ali pa kabati, funso limadza lokha: kodi ndingamweko?

Tiyambe ndi mantha amene amuna amawanena moseka akamasewera nsolo, koma amene ambiri amawasunga mumtima. Amati mwamuna akamwa mavitamini a akazi adzamera mabere, mau ake adzacepa, ndipo mphamvu zake za m'banja zidzazirala. Zimenezi si zoona. Vitamini alibe umuna kapena ukazi. Vitamini C wa m'botolo lojambulidwa maluwa ndi yemweyo amene ali m'botolo lojambulidwa mwamuna wadzitho, ndiponso ndi yemweyo amene ali m'gwafa la kuseri kwa nyumba. Zimene zimasiyanitsa thupi la mwamuna ndi la mkazi ndi mahomoni, ndipo m'mapilisi wamba a mavitamini mulibe mahomoni. Bambo amene anamwa pilisi la mkazi wake dzulo, kapena sabata yonse yathayi, agone tulo take mwamtendere. Koma apa tikunena za mavitamini eni-eni. Mankhwala a mahomoni amene dokotala amalembera mai, pamodzi ndi zosakaniza za zitsamba zogulitsidwa kwa amai amene akusiya kusamba, ndi nkhani ina, ndipo zimenezo bambo asazikhudze.

Amalonda amadziwa kuti munthu amagula msanga cinthu cimene calembedwa ngati ca iye yekha, motero kusiyana kwina kwa mabotolowa kuli pa maonekedwe ndi pa mtengo cabe. Komabe si kusiyana konse kumene kuli kwa malonda. Pali cinthu cimodzi cimene cimaikidwa cambiri m'mapilisi a akazi, pamene m'mapilisi a amuna cimakhala cocepa kapena osakhalamo konse. Cinthuco ndi ayironi. Ameneyu si vitamini ai, ndi citsulo, comweco ca khasu ndi nkhwangwa, cimene thupi limagwiritsa nchito popanga magazi. Pa botolo amalemba kuti Iron, kapena Fe, kapena mau oyamba ndi ferrous. Nkhani yathu yagona pa citsulo cimeneci.

M'caka ca 2001 akatswiri a zakudya a ku America anaika miyeso imene imachulidwa kwambiri pa nkhaniyi. Mwamuna wamkulu afunika mamiligalamu 8 a ayironi pa tsiku. Mkazi wa zaka 19 mpaka 50 afunika 18, ndipo mai woyembekezera afunika 27. Mai akasiya kusamba, muyeso wake umatsika kufika pa 8, wofanana ndi wa mwamuna wake. Cifukwa cake ncodziwika kwa mai aliyense: mwezi ndi mwezi amataya magazi, ndipo ayironi amatuluka nawo pamodzi. Mwamuna alibe njira yotere. Thupi lathu lili ndi khomo lolowera ayironi, koma lilibe khomo leni-leni lomutulutsira. Vitamini C akaculuka amapita ndi mkodzo tsiku lomwelo, ayironi satero. Mwamuna amataya pafupi-fupi miligalamu imodzi yokha pa tsiku, kudzera m'khungu ndi m'kati mwa matumbo mmene mumasupuka pang'ono-pang'ono. Wotsala yense amasungidwa. M'thupi lonse la mwamuna wathanzi muli magalamu atatu kapena anai a ayironi, wolemera ngati msomali umodzi.

Mwa munthu wathanzi matumbo ndiwo mlonda wa pakhomo. Nkhokwe ikadzaza amalowetsa ayironi wocepa, wotsalayo napita ndi cimbudzi. Ndico cifukwa cake amuna ambiri angathe kumwa pilisi la mamiligalamu 18 kwa kanthawi osaona bvuto, ngakhale kuti sapindulaponso kanthu. Akatswiri omwe aja anaika malire a mamiligalamu 45 pa tsiku kwa munthu wamkulu, kuwerengera pamodzi cakudya ndi mapilisi, pokhapokha dokotala atalamula kuti apitirire. Koma mlonda uja sali wamphamvu mofanana mwa anthu onse. Alipo amene anabadwa ndi matumbo olowetsa ayironi mosaleka, ndipo ambiri a iwo sadzidziwa. Mowa nawonso umafooketsa mlondayo. Ndiye pali amene ciwindi cao ncodwala kale ndi hepatitis B, matenda amene ndi ofala pakati pathu, ndi amene amaikidwa magazi kawiri-kawiri cifukwa ca sickle cell, pakuti botolo lililonse la magazi limabweretsa mamiligalamu pafupi-fupi 200 a ayironi amene sadzatulukanso okha. Kwa anthu otere pilisi la tsiku ndi tsiku ndi katundu woonjezera pa mutu wolemedwa kale.

Akulu anati cakudza sicimba ng'oma. Ayironi woculuka sapweteka caka coyamba kapena caciwiri. Amaunjikana mwakacete-cete m'ciwindi, m'mtima, m'mfundo za mafupa, ndi m'ciwalo cimene cimayang'anira shuga m'thupi, mpaka kufika magalamu 20 kapena kupitirira. Zikayamba kuoneka, munthu amakhala wotopa nthawi zonse, mfundo za zala zimawawa, khungu limada kuposa kale, matenda a shuga amayamba, ciwindi cimauma, ndipo mwa ena mumabuka khansa ya ciwindi. Cizindikiro coyamba ndi kutopa, komwe kuja kumene kunacititsa bamboyo kutsegula botolo, motero iye amangoonjezera mapilisi poganiza kuti akudzithandiza. Ndipo onani mmene zinthu zimakhalira: pakati pa zizindikiro za matendawa palinso kuzirala kwa mphamvu za m'banja, popeza ayironi amaononganso ziwalo zopanga mahomoni a mwamuna. Cimene anthu amaopa pa nsolo paja cingacitikedi, koma cocititsa cake ndi citsulo coculuka, osati ukazi wa pilisi.

Nkhani imeneyi si yacilendo kuno kum'mwera kwa Africa. M'caka ca 1929 dokotala wina dzina lake Strachan, amene anali kupima mitembo ku Johannesburg, analemba kuti ziwindi za anthu akuda ambiri zinali zodzaza ndi ayironi. Pambuyo pake ofufuza anapeza gwero lake m'mowa wamasese wofululidwa kunyumba m'migolo ndi m'miphika yacitsulo. Mowa ukamasasa umasungunula citsulo ca mgolowo, kotero kuti lita limodzi lingathe kukhala ndi mamiligalamu makumi angapo a ayironi, ndipo amene amakhala tsiku lonse pa mowa samwa lita limodzi lokha. M'caka ca 1992 Victor Gordeuk ndi anzake, atapima mabanja a mu Africa muno, anafalitsa umboni wosonyeza kuti cibadwa naco cili ndi mbali yake: m'mabanja ena anthu amasunga ayironi msanga kuposa anzao akumwa nawo mowa womwewo. Makolo athu anali kufulula m'mbiya zadothi. Migolo yacitsulo inabwera pambuyo, ndipo kufikira lero ikugwirabe nchito m'midzi ndi m'makomboni. Bambo amene wamwa mowa wa mumgolo kwa zaka zambiri angakhale kuti nkhokwe yake ya ayironi inasefukira kale. Iyeyo, kuposa wina aliyense, atalikirane nalo botolo la amai.

Komatu m'nyumba zathu zambiri mapilisi a amai sacokera ku sitolo. Amacokera ku kiliniki, kumene mai woyembekezera amalandira mwaulere timapilisi toonjezera magazi, ndipo apa mpamene tifuna kulankhula mosabisa. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mai aliyense woyembekezera azimwa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi tsiku lililonse, pamodzi ndi mamaikulogalamu 400 a folic acid. Pilisi limodzi la mamiligalamu 60 lapitirira kale malire aja a 45, ndipo lili ndi ayironi woposa kasanu ndi kawiri amene mwamuna afunika pa tsiku. Linapangidwira thupi limene likugwira nchito ya anthu awiri. Pa miyezi isanu ndi inai ija magazi a mai amaonjezeka pafupi-fupi ndi theka, ndipo pathupi pamodzi pamadya mamiligalamu okwana ngati 1,000 a ayironi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Zambia wa m'caka ca 2018 anapeza kuti akazi 31 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi magazi ocepa. Mai wolowa m'cipinda cocirira ali ndi magazi ocepa amakhala pa ngozi yaikulu akataya magazi pobereka, ndipo mwana wake angabadwe masiku asanakwane kapena wocepa thupi.

Folic acid nayenso ali ndi nchito yake. Kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku Britain anasonyeza m'caka ca 1991 kuti vitamini ameneyu amateteza ana ambiri ku bvuto lobadwa ndi msana wotseguka. Msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyamba, nthawi imene amai ambiri asanadziwe nkomwe kuti aima, ndico cifukwa cake vitamini ameneyu amaikidwa m'mapilisi a akazi onse a msinkhu wobereka. Kwa mwamuna muyeso wamba wa folic acid subvulaza. Koma anamwino akamawerengera mai mapilisi a mwezi wathunthu, sawerengera bambo wa kunyumba. Pilisi lililonse limene bambo wamwa ndi tsiku limodzi limene mai ndi mwana wosabadwayo agona opanda. Tikudziwa kuti nthawi zina mai amapereka yekha, mwina cifukwa ca cikondi, mwina cifukwa mapilisiwo amamucititsa mseru ndi kudzimbidwa, ndiye akondwera kuti apeza wowamaliza. Mwamuna wanzeru akane, ndipo alimbikitse mkazi wake kukauza anamwino za mseruwo, popeza kawiri-kawiri kungosintha nthawi yomwera kumathandiza.

Nanga bambo amene alidi wofooka, amene akumva cizungulire, mtima ukugunda msanga pokwera kaphiri, ndipo zikhatho zake zayera? Ameneyu angakhale kuti magazi ake ndi ocepadi, koma iyeyu ndiye sayenera konse kudzipatsa yekha mankhwala. Safunsa anadya phula. Mkazi wa msinkhu wobereka akacepa magazi, cifukwa cake nthawi zambiri cimadziwika. Mwamuna akacepa magazi, dokotala amayamba wafunsa kuti magaziwo akupita kuti. Mwina ndi zilonda za m'mimba zimene zikukha pang'ono-pang'ono, makamaka mwa amene amamwa mapilisi a ululu monga aspirin ndi ibuprofen tsiku ndi tsiku. Mwina ndi njoka za m'mimba zoyamwa magazi, kapena likodzo kwa amene amagwira nchito m'madambo ndi m'mitsinje. Mwina ndi malungo obwera-bwera, cifuwa cacikulu, HIV kapena matenda a impso, ndipo kwa bambo wopitirira zaka 50 khansa ya m'matumbo iyenera kuganiziridwa. Pilisi la ayironi lingathe kukweza magazi pang'ono, munthu namva bwino, pamene nthenda yeni-yeni ikukula mobisika. Coipa cina ncakuti ayironi amadetsa cimbudzi, ndipo cimbudzi cakuda ndico cizindikiro ca magazi otuluka m'mimba. Womwa mapilisiwa amataya mwai woona cenjezo limeneli. Kupima magazi ndi nkhani ya kadontho kamodzi pa cala. Kwa mwamuna, muyeso wa hemoglobin wosafika 13 ndiwo umachedwa wocepa. Akapimidwa napezeka kuti akusowadi ayironi, dokotala adzamupatsa mapilisi omwe aja amapatsa amai, pakuti mankhwalawo ndi amodzi, koma adzamuuza muyeso wake ndi tsiku lolekera, ndipo adzafufuzanso gwero la bvutolo.

Abale ndi alongo amene akumwa ma ARV amvetsetse bwino mfundo iyi. Ambiri lero amamwa pilisi lokhala ndi mankhwala ochedwa dolutegravir. Ayironi ndi calcium, zimene zonse ziwiri zimapezeka m'mavitamini a akazi, zimagwira mankhwalawa m'mimba ndi kuwaletsa kulowa bwino m'magazi. Langizo lake ndi lakuti dolutegravir amwedwe maola 2 munthu asanamwe mapilisi otere, kapena maola 6 atawamwa, kapena zonse zimwedwe pamodzi ndi cakudya. Munthu womwa mavitamini mobisa, osauza a ku kiliniki, angafooketse mankhwala amene akusunga moyo wake. Ayironi amacitanso cimodzi-modzi ndi doxycycline ndi ciprofloxacin, mankhwala amene amalembedwa kawiri-kawiri m'zipatala zathu.

Wina anganene kuti, basi tigule botolo lolembedwa amuna, nkhani yatha. Nalonso liyenera kuwerengedwa. Ku Finland anapatsa beta-carotene gulu lina la amuna osuta fodya pa kafukufuku wa anthu oposa 29,000, poyembekezera kuti adzatetezedwa ku khansa ya m'mapapo. Zotsatira za m'caka ca 1994 zinasonyeza kuti khansayo inaculuka ndi 18 pa 100 mwa amene anamwa. Kafukufuku wina wa amuna oposa 35,000 ku North America anapeza m'caka ca 2011 kuti omwa vitamini E wambiri tsiku ndi tsiku anadwala khansa ya prostate moculukirapo, ndi 17 pa 100. Kumbali ya mabotolo a akazi, mapilisi okongoletsa tsitsi ndi zikhadabo amakhala ndi biotin wambiri, ndipo m'caka ca 2017 bungwe loyang'anira mankhwala ku America, la FDA, linacenjeza kuti biotin wotere angasokoneze zopima za m'magazi, kuphatikizapo zopima ngati mtima wabvulala. Bambo amene akumwa mapilisiwa pofuna kubweza tsitsi la pa dazi, akagwidwa ndi ululu wa pa cifuwa auze dokotala zimene wakhala akumwa. Ndipo kubwereka kwa mbali inayo nkoopsa koposa: mai woyembekezera asamwe za m'botolo la mwamuna wake, cifukwa mulibe ayironi womukwanira, ndipo vitamini A wopitirira mayunitsi 10,000 pa tsiku angapundule mwana m'mimba. Pogula, tiyeni tipite ku masitolo obvomerezedwa ndi ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko lathu, kumene kuli munthu wophunzira woti timufunse. Mapilisi ogulitsidwa m'timapepala pa msika kapena m'basi sitingadziwe cimene cili m'kati mwake.

Kwa mwamuna amene akudya bwino, mamiligalamu 8 aja sabvuta kuwapeza. Ali mu kapenta, m'nyemba, m'nshawa, m'nyama ndi ciwindi, m'mazira, m'mbewa, ndi m'ndiwo zamasamba monga cibwabwa, bondwe ndi kalembula. Ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba amalowa bwino akatsagana ndi cipatso ca vitamini C, monga lalanje, gwafa kapena malambe, pamene tiyi womwedwa pamodzi ndi cakudya amamutsekereza. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa amai kuposa abambo. Ndipo kuyambira m'caka ca 1998 lamulo la dziko lathu lifuna kuti shuga wa pa thebulo aziikidwa vitamini A, kotero ambiri a ife timalandira kale vitamini ameneyu m'kapu ya m'mawa osadziwa. Ndalama za botolo limodzi la mavitamini zingagule kapenta ndi nyemba zodyetsa banja lonse masiku angapo.

Pali munthu wacitatu m'nyumba amene botolo limeneli lingamuononge msanga kuposa bambo, ndiye mwana wamng'ono. Mapilisi ambiri a ayironi ndi ofiira, osalala, ndipo ena amatsekemera kunja, motero kwa mwana wa zaka ziwiri amaoneka ngati maswiti. Mapilisi ocepa cabe a mtundu umene amai oyembekezera amalandira angathe kupha mwana wotere. Botolo limene likuyenda m'manja mwa anthu awiri ndilo limaiwalika pa thebulo kapena pansi pa pilo, aliyense poganiza kuti mnzake walibisa. Malo ake ndi pamwamba, m'kabati yokhoma, osati m'cikwama ca m'manja cimene mwana amasewera naco pa Misa. Mwana akameza mapilisiwa amayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kumva ululu, nthawi zina ndi magazi. Pakapita maola angapo amaoneka ngati wacira, ndipo apa mpamene makolo ambiri amanyengeka, pakuti nthawi imeneyo citsulo cija cimakhala cikuononga ciwindi, ndipo mwana amadzagwanso modetsa nkhawa tsiku lotsatira. Musamusanzitse, musayembekezere kuti kuce, ndipo musakhulupirire kucira kwa kanthawiko. Thamangani naye ku cipatala nthawi yomweyo, mutatenga botololo m'manja, kuti anamwino aone mtundu wa mapilisiwo ndi kuwerenga amene asowa.